Manda asanu pagombe la nyanja: nanga athu tinawasiya kuti?

Abale anga alimi ndi akhristu anzanga, ine ndine mwana wa m'cigwa ca Luangwa. Madzi amene ndakula nawo ndi amatope, a ng'ona ndi mvuu, oti mwana akawayandikira timamukalipira. Nyanja ndinkangoiona pa mapu opacikidwa kukhoma ku seminale yaing'ono, ndipo ndapyola zaka 50 ndisanaviikemo phazi. Caka catha, thonje litagulitsidwa, ndinapita ku Malawi ku ukwati wa mwana wa mlongo wanga amene akhala ku Monkey Bay. Kumeneko ndinaona cinthu cimene cikundisowetsa tulo mpaka lero, ndipo ndico ndafuna kuti tikambirane pa tsamba lino.

Ulendo wake ndi wa masiku awiri: kucoka ku Nsefu kufika ku Mfuwe, basi ya mbandakuca yopita ku Chipata, malire a Mwami, Lilongwe, kenaka kutsetsereka mapiri mpaka kunyanja. Ukwati utatha, mwana uja anati, "Amalume, musabwerere kumudzi musanaone Cape Maclear. Kuli cinthu ca inu a tchalitchi kumeneko." Ine ndinayesa akunena nyumba yaikulu yopemphereramo. Tinakwera njinga zamoto, mtunda wosakwana makilomita 20, mpaka pamudzi wa asodzi wotchedwa Chembe.

Malowo ndi okongola, sindinama. Mcenga woyera, madzi oti uona miyala pansi, zisumbu za Thumbi ndi Domwe zili poteropo. Usipa uli mbwee pa mathandala, amai akutsuka mbale, ana akusambira popanda wowakalipira, alendo ocokera kunja atagona padzuwa. Kumapeto kwa mudzi kuli cipata ca Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse mu 1984, makamaka cifukwa ca tinsomba ta mawanga totchedwa mbuna. Titalowa, tinayenda pang'ono cabe kucoka pamcenga, anyani akutiyang'ana, mpaka patsinde pa phiri la miyala. Pamenepo panalibe tchalitchi. Panali manda asanu.

Ndinadabwa. Kwathu manda timawabisa m'msitu, kutali ndi posewera ana. Awa ali poti munthu wovala zosambira angadutse pafupi osadziwa kuti waponda pa ciyambi ca mbiri yaikulu. Ndinavula cipewa, ndi kuyamba kuwerenga maina.

Mbiri yake ndi iyi. David Livingstone ndiye anatcha malowa dzina la bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Livingstone yemweyu anaoloka Luangwa wathu mu Disembala 1866, ndipo anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko la Alala, muno m'Zambia. Atamwalira, akhristu a Free Church of Scotland anasonkha ndalama kuti atsegule mishoni yomukumbukira. Anatumiza gulu lotsogozedwa ndi E.D. Young, m'menemo muli dokotala wacinyamata Robert Laws, pamodzi ndi sitima ya pamadzi imene anaitcha Ilala, dzina la dera limene Livingstone anafera. Pa mathithi a mtsinje wa Shire sitimayo anaimasula, ndipo anthu akuda mazanamazana anasenza zitsulo zake pamutu masiku angapo mpaka pamene madzi anafatsanso. Mu Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja, ndipo ndi cilolezo ca mfumu Mponda anamanga mishoni pa Cape Maclear, naitcha Livingstonia.

Anasankha malowo cifukwa sitima inkakoceza bwino. Cimene sanadziwe ndi udzudzu. Masiku amenewo azungu ankayesa kuti malungo acokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Zoti udzudzu ndiwo unyamula matendawa zinatsimikizidwa ndi Ronald Ross mu 1897, iwo atacoka kale. Dokotala William Black anafika mu 1876, namwalira mu 1877. Anzake anamutsata mmodzimmodzi. Pofika mu 1881 panali manda asanu ndi wobatizidwa mmodzi yekha, Albert Namalambe, amene anabatizidwa pa 27 Marichi caka comweco. Anasamutsira mishoni ku Bandawe, kumpoto, ndipo mu 1894 anakwera phiri la Khondowe kumene kuli Livingstonia wa lero. Pa Cape Maclear anasiyapo Namalambe kuti asunge sukulu ndi mapemphero.

Mlimi aliyense angawerengere yekha: zaka 6, anthu asanu m'nthaka, cipatso cimodzi. Munda wotere ambiri a ife tikanausiya. Koma m'mishoni yomweyo ya Livingstonia munatuluka aphunzitsi amene anafika mpaka kuno kwathu. Mmodzi wa iwo ndi David Kaunda, amene anatumizidwa ku Chinsali kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mwana wake Kenneth, wobadwira ku Lubwa mu 1924, anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Cotero manda a pagombe aja si nkhani ya Amalawi okha. Ndi yathunso.

Koma dzina limene linandigwira mtima si la mzungu. Pakati pa asanu aja pagona Shadrach Mngunana, Mxhosa wa ku South Africa. Mu 1876 anyamata anai a pa sukulu ya Lovedale anadzipereka kubwera kunyanja: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Mngunana anali mphunzitsi wa ana pa sukulu ya mishoni, ndipo anamwalira mu 1877, caka cimodzi cisanathe bwino. Koyi anadzagwira nchito yaikulu pakati pa Angoni a M'mbelwa, namwalira mu 1886. Awa anali anthu a nchito ngati yanga: kuphunzitsa, kumasulira, kuyenda m'midzi, kutsala pamene akuluakulu acoka. Ndinaimirira pa manda a munthu wakuda amene anafa zaka pafupifupi 150 zapitazo, kutali ndi kwao, koma dzina lake likutchulidwabe cifukwa wina anasamala kulilemba.

Pamenepo mtima unandifunsa: nanga anthu mazanamazana aja amene anasenza Ilala, maina ao ali kuti? Palibe mwala wao. Ndipo funso lina linatsatira, lowawa kuposa loyamba: nanga a kwanu ku Nsefu?

Ndivomere kulakwa kwanga poyera. Amai anga anaphunzira katekisimu kwa mkulu wina amene ankatsika kucokera kumtunda wapansi, masiku awiri kapena atatu, m'njira za njovu, atanyamula mphasa ndi kabuku ka mapemphero. Ndiye ankasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo kukalibe tchalitchi, ndiye ankabatiza makanda odwala mwakayakaya, ndiye ankaika maliro pamene Bambo Mfumu ankafika kawiri kapena katatu pa caka. Nditabwera ku Malawi ndinafunsa m'miphakati itatu za iye. Agogo awiri anakumbukira dzina lake lomusereula, wina anakumbukira kuti anali ndi cipsera pamwendo. Za manda ake anandilozera kumudzi wakale, kumene lero kuli madzi. Luangwa anadya gombe lonselo. Ine ndakhala katekisiti zaka zoposa 20, ndili ndi colembera m'thumba tsiku lililonse, koma sindinalembe ngakhale mzere umodzi wa munthu amene anandikonzera njira.

Ici ndico ndikunena: cigwa cathu cimafafaniza mbiri msanga kuposa malo ena, cotero ife tiyenera kufulumira kuposa ena. Mtsinje usintha njira nyengo ya dzinja iliyonse, kugumula uku ndi kusiya thawale uko. Matchalitchi athu oyamba anali a mitengo ndi dothi, ciswe cinawamaliza. Midzi imasamuka kuthawa madzi ndi nyama. Malo ena a makolo anatsala mkati mwa South Luangwa National Park, imene inakhala paki mu 1972, ndipo sitingalowemo cilowelowe. Cotsala ndi mitu ya agogo athu, ndipo mitu imeneyo tikuiika m'manda caka ndi caka.

Si kuti tilibe coti tisunge. M'boma lathu lomweli la Mambwe muli Msoro, kumene agona Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wocokera ku Chia pafupi ndi Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja yomweyo ya Malawi. Anayamba nchito ya mishoni pakati pa Akunda, namwalira komweko mu 1913. Ine ndinawononga masiku awiri ndi ndalama za thonje kukaona manda a ku Cape Maclear, koma ku Msoro, kwa mfumu imodzi mwa mafumu 6 a Akunda, sindinapiteko ndi colinga cokaona manda a Kamungu. Manyazi amenewo ndi anga. Kuno ku Nsefu kwenikweni ndiko kunayambira nchito yoonetsa nyama kwa alendo m'dziko lino, pamene mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi mfumu Nsefu kupatula dera loti nyama zisaphedwe, alendo azilipira, ndalama zizipita kwa anthu. Dzina la Carr lili m'mabuku ambiri. Nanga amene anaumba njerwa, amene anasenza katundu, amene ankatsogolera alendo ndi mfuti paphewa, ndani akuwadziwa? Ana athu adziwa maina a malo ogona alendo, ena adziwa maina a mbalame m'Cingerezi, koma afunseni amene anakumba citsime coyamba pamudzi pao.

Ndidziwa zimene ena anene, cifukwa anandiuza kale pa bwalo la tchalitchi.

Oyamba akuti, "A katekisiti, njovu zikutha cimanga, mtengo wa thonje sukwanira feteleza, inu mukutiuza za akufa?" Ndikumva, ndine mlimi inenso, ndagonapo m'munda ndi cigubu ndi tochi. Koma cimene ndikupempha sicifuna ngongole. Kope limodzi la sukulu ndi colembera. Thumba limodzi la simenti likwanira zizindikiro za manda angapo, ndipo mphakati ungasonkhe pang'onopang'ono monga timacitira pa maliro. Komanso mbiri imathandiza amoyo. Mkangano wa malire a munda ukabuka, timathamangira kwa agogo kuti atiuze amene anayamba kulima pamenepo. Agogowo akapita, tidzathamangira kwa yani? Amene adziwa pamene madzi anafika m'zaka za cigumula ndiye adziwa pomanga nyumba. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera bwino akalembedwa.

Aciwiri akuti kumanda sikupitidwa cisawawa, ndipo wozungulira manda ndi kope anthu amuyesa mfiti. Izi n'zoona, ndipo sindikuuza munthu aliyense kuti aphwanye mwambo. Manda ali ndi eni ake. Poyambira ndi kwa mfumu ya mudzi ndi akuluakulu a banja, masana, anthu akuona, eni ake ali patsogolo. Pamene banja lakana, tisiye. Dzina la munthu lingalembedwe m'kope ngakhale manda ake sitinawaone. Ndipo si manda okha: mtengo umene unali tchalitchi coyamba, doko lakale la mabwato, pamene panali sukulu yoyamba, zonsezi zifuna cizindikiro.

Acitatu ndi akhristu anzanga amene anandifunsa kuti, "Inu Mkatolika, munakagwada bwanji pa manda a mpingo wina?" Ndinagwada ndithu, ndipo ndinawapempherera. Malungo sanafunse mpingo. Ansembe athu a White Fathers nawonso anayamba m'dera la Mponda yemweyo, kumwera kwa nyanja, mu Disembala 1889. Anavutika ndi matenda ndi nkhondo, nacoka mu 1891 kupita ku Mambwe Mwela pafupi ndi Mbala, kumene kunali mishoni yao yoyamba m'dziko lino. Kachebere, kumene cikatolika cinafalikira m'dera la Chipata, anatsegulidwa mu 1903, pamene a Dutch Reformed anali atafika kale ku Magwero mu 1899. Mbiri ya cigwa cino ndi mphasa yolukidwa ndi mabango a mipingo yambiri, pamodzi ndi a makolo amene sanalowe tchalitchi ciliconse. Tikayamba kusankha akufa malinga ndi mpingo, mphasayo imasuka.

Pali ena, makamaka acinyamata ophunzira, amene amati amishoni anatsegulira njira atsamunda, cotero manda ao asatikhudze. Sindikana kuti pambuyo pa mishoni panabwera boma la azungu ndi msonkho wake, ndipo sindikana kuti amishoni ena ananyoza miyambo imene sanaimvetse. Zimenezo zilembedwenso, osabisa. Koma yankho la mbiri yopendekera si kuiwala. Yankho ndi kulemba mbali imene inasiyidwa. Ngati mukudandaula kuti mabuku atchula Young ndi Laws koma osatchula osenza Ilala, musacite cimodzimodzi kwa agogo anu. Amene salemba, amalemberedwa ndi ena.

Tsono ndikupempha zinthu zisanu, zimene tingazicite tokha osadikira Lusaka.

Coyamba, mphakati uliwonse ukhale ndi kope la mbiri. Acinyamata awiri kapena atatu odziwa kulemba akhale pansi ndi okalamba a m'mudzi, awafunse mwaulemu: mudzi unacokera kuti, unasamuka kangati, ndani anayamba mapemphero, ndani anali mzamba, ndani anaphunzitsa ana pansi pa mtengo, ndani anaphedwa ndi nyama poteteza munda. Ambiri ali ndi mafoni ojambula mau. M'malo mwa nyimbo zokha, ajambulemo mau a agogo m'Cikunda ceniceni, asanapite naco.

Caciwiri, zolembedwazo zikopedwe kawiri. Kope lina likhale ku parishi, lina kwa mfumu. Nyumba imapsa, ciswe cimadya, foni imagwera m'madzi.

Cacitatu, pamene banja ndi mfumu alola, tiike cizindikiro ca simenti kapena mwala cokhala ndi dzina ndi caka. Pamene manda ali pafupi kugumuka ndi mtsinje, cizindikiro ciikidwe kumtunda, pabwalo la tchalitchi kapena la sukulu.

Cacinai, aphunzitsi akuluakulu a masukulu athu aganizire ulendo wa ana wa ku Msoro ndi malo ena akale a m'boma lino. Pali mabungwe amene amatengera ana m'paki kukaona nyama, ndipo tiwathokoza. Tiwapemphe kuti pa ulendo womwewo pakhale gogo mmodzi woloza pamene panali midzi. A Community Resources Board, amene amalandira gawo la ndalama za nyama m'malo mwa anthu, angaike kangacepe pa nchito imeneyi. Malo amene aoneka ofunika kwambiri tiwadziwitse a National Heritage Conservation Commission, bungwe limene lamulo la 1989 linalipatsa udindo wosunga malo a mbiri m'Zambia. Iwo sangadziwe za mtengo wa m'mudzi mwanu ngati inu simunawauze.

Cacisanu, tisankhe nthawi. Kucokera mu Ogasiti, thonje litacoka m'munda ndipo anthu asonkhana ku mwambo wa Malaila, mpaka Okutobala, manja amakhala opepuka ndipo njira zimapitika. Pa 2 Novembala, tsiku limene Akatolika timakumbukira onse omwalira, maina amene tapeza awerengedwe m'tchalitchi mokweza, mvula isanatseke njira ndi khasu lisanatitenge. A mipingo ina asankhe tsiku lao. Mutu umodzi susenza denga.

Cenjezo limodzi lokha. Ku Cape Maclear ndinaona acinyamata akupeza kangacepe pofotokozera alendo za manda aja, ndipo si coipa. Mwina tsiku lina alendo obwera kudzaona nyalugwe adzafunanso kumva za anthu a m'cigwa cino. Koma tisayambe ndi maso pa thumba la mlendo. Tikatero tidzayamba kukometsera nkhani kuti zigulike, ndipo bodza lidzalowa m'kope. Tilembere ana athu poyamba, zoona zokhazokha, ndipo pamene okalamba asiyana mau, tilembe mau a onse awiri.

Tisanacoke pamalo paja, mwana wa mlongo wanga anandifunsa ngati ndikufuna kusambira. Ndinangoviika mapazi, cifukwa munthu wa ku Luangwa sakhulupirira madzi ngakhale amuuze kuti mulibe ng'ona. Pobwerera ndinagula kope ku Chipata. Tsamba loyamba ladzaza kale ndi mau a agogo awiri aja onena za mphunzitsi wa cipsera pamwendo. Dzina lake lenileni sindinalipeze, ndasiya mpata pamwamba pa tsamba. Ngati alipo wowerenga nyuzipepala ino, kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya, kwa Jumbe, kwa Malama kapena kwa Msoro, amene agogo ake anamusimbirako za katekisiti wotere, auze katekisiti wa kwao, uthenga udzandipeza. Ndipo inu amene mukali ndi agogo pakhomo, musadikire Sabata. Akhazikeni pamphasa madzulo ano.

Wolemba ndi katekisiti wa ku Nsefu, m'boma la Mambwe.